Mvula Inagwa, Namphingo Osayenda

Ana inu, mwakhala mukundiseka kuti mvula ikangoleka ndimatenga ndodo n'kupita kukasuzumira m'khwawa ngati ndinatayamo kenakake. Iwe Yamikani unafika pouza amayi ako kuti agogo mutu wayamba kuwazungulira. Mutu wanga uli bwino. Ndaona kuti ndikulembereni, chifukwa pakamwa ndimalephera. Ndikayamba nkhaniyi mawu amathera pakhosi, inu n'kumati agogo agona, mwathawira ku mafoni anu.

Ndinafika ku Thambani ndili mnyamata wongotuluka kumene ku koleji, mlangizi wa zaulimi. Boma linandipatsa njinga yakuda yolemera ngati ng'ombe, jombo zazikulu kuposa mapazi anga, ndi chitini choyezera mvula. Chitinicho chinkaikidwa pamtengo pabwalo, m'kati mwake muli botolo lolembedwa mizere. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana pamene madzi afika. Inu lero mumafunsa foni ngati kugwe mvula, foniyo n'kukunamizani, inu osakwiya. Ife tikanama anthu ankatipeza panjira.

Kumeneko ndinakwatira Elube, agogo anu amene simunawaone. Ndinakakhala kwawo chikamwini, m'mudzi wa kuseri kwa mapiri, pamwamba pa kamtsinje kotchedwa Namphingo. Sunali mtsinje woti n'kuutchula pa mapu. Munthu wamkulu ankaulumpha. Koma apongozi anga, aNachisale, ankanena kuti chibadwire chawo sanauone utauma, ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Munali nkhanu, munali matemba, ndipo tikakhala pakhonde tinkaumva ukuyenda. Munthu unkazolowera mpaka kuiwala kuti pali chimene chikumveka.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti mvula ikagwa pamapiri imagawika. Ina imalowa pansi, ina imabwerera kumwamba ndi dzuwa ndi masamba, yotsala imatsikira kumtsinje. Gawo la mtsinjelo tinkaliwerengera pa bolodi ngati ndi lokhazikika, ngati mbale yoyezera ufa pamsika. Zaka zanga zoyamba zinkathekadi. Botolo likadzaza masana, ndinkauza Elube kuti mawa usachape, miyala yowolokera imira. Kukacha miyala yamira. Iye ankaseka n'kumati anakwatiwa ndi sing'anga wa boma.

Kenaka mvula inayamba kuchepa. Sinachoke tsiku limodzi. Chaka china inachedwa, china inadula chimanga chikumasula, ndiye kunabwera chachikulu chija, chimene akuluakulu amachitchula kuti chaka cha chimanga chachikasu. Mitengo ya manachesi inayoyoka masamba. Mapiri anali atayamba kale kuyera, chifukwa anzathu othawa nkhondo ku Mozambiki ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira, ndipo ifenso tinkawotcha makala. Sindikunena munthu, nkhwangwa tinagwira tonse. Tinkadya mango osakhwima owiritsa ndi phala la gaga. Polandira chimanga chachikasu ankayamba aona khadi ya chipani, ndipo mu lipoti langa la mwezi mawu akuti njala sankalembedwa. Ndinkalemba kuti mbewu sizinachite bwino kwenikweni. Inu amene mumatukwana boma pa wailesi simungamve chifukwa chake, ndipo ndi bwino kuti musamve.

Namphingo anayamba waduka m'maiwe, maiwe n'kukhala matope, matope n'kukhala mchenga woyera. Amayi anakumba dzenje pakati pa khwawalo. Mwezi uliwonse dzenjelo linkatalika, mpaka anasema masitepe m'mbali mwake. Munthu ankatsika ndi chikho n'kudikira kuti madzi atuluke okha, amtundu wa tiyi wamkaka. Mbuzi zinkamwa pomwepo. Elube anadwala kamwazi wochokera m'dzenje limenelo. Mayi anu, Thoko, anali atangoyamba kukwawa. Masiku onse amene anadwala, Elube sanapemphe china koma madzi. Ndinkamumwetsa ndi supuni, iye n'kumati onjezani. Za masiku amenewo ndalemba zokwanira.

Titameta maliro, mchimwene wake wa Elube, a Lameki, anandiitana kuseri kwa nkhokwe. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, malume a Thoko. Ndi ine tinali pachilamu, ndiye tinkatukwanana momasuka, koma tsiku limenelo anayamba ndi kutsokomola.

"Alamu, ndinu mwana inu. Sitingakusungeni ngati mbuzi yapachingwe. Tikusudzulani, mupite, mukapezenso banja."

"Nanga Thoko?"

"Aa, alamu. Tambala amalira pakhomo, koma anapiye ndi a thadzi. Zimenezi munazidziwa tsiku lomwe munafika kuno ndi kasutikesi kanu kaja."

Ndinazidziwadi. Kumeneko mwana ndi wa kuchikazi. Bambo akasudzulidwa amachoka yekha.

"Koma pali chovuta," anatero a Lameki. "Kwathu kuno sitisudzula ndi madzi a mumtsuko. Namfedwa amasamba mankhwala m'madzi oyenda, kuti imfa itsike nawo. Ndiye mudikira Namphingo. Botolo lanu likuti ayenda liti?"

Ndinati mvula ikabwera.

Choncho ndinakhala. Ndikuuzeni za apongozi anga, chifukwa inu a masiku ano mumakhala mpando umodzi ndi apongozi n'kumaonera limodzi mpira. Ine ndi aNachisale sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Elube ali moyo ndiye ankanyamula mawu athu. Atapita, anayamba kuwanyamula Thoko, munthu wopanda ngakhale mano okwanira. Apongozi ankaima pakhomo atandifulatira, mwana ali kumsana, n'kumati, "Thoko, uwauze abambo ako kuti phala lapsa. Uwauzenso kuti munthu sakhala moyo ndi tiyi." Ine n'kuyankha, "Thoko, uwauze agogo kuti ndamva." Masana mwana anali wawo. M'mawa ndi madzulo anali wanga. Ndinaphunzira kubereka ndi chitenje, a Lameki n'kumandifunsa ngati ndiyambenso kuyamwitsa.

Mvula inabwera, ndipo inabwera yeniyeni. Tsiku loyamba anthu anatuluka m'nyumba n'kuima pabwalo osafunda kanthu. Botolo langa linadzaza mpaka kusefukira m'chitini. Ndinawerengera monga anandiphunzitsira, ndipo ndinauza a Lameki pamaso pa anthu kuti ikagwanso yotere kawiri, Namphingo ayenda. Madzulo ake ndinapempha katoni kusitolo ya a Saidi pa Thambani n'kuyamba kulongedza mabuku anga. Sindinafune kuti tsikulo lidzandipeze ndikuyang'ana zinthu.

Inagwa kawiri. Inagwanso, n'kugwanso. Chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, chinafika m'chiuno, chobiriwira ngati cha m'chithunzi. Munthu wodutsa pamsewu akanati kuno kulibe vuto. Koma ukatsika kukhwawa, mchenga unali woyera monga kale, wongodontheredwa pamwamba. Ukaukanda ndi chala, pansi pake pouma. Achule sanalire chaka chimenecho. Ana inu simunamvepo dzinja lopanda achule. Mvula inkaleka, madenga n'kusiya kudontha, kenaka zii, mudzi wonse kumvetsera chinthu chimene sichikubwera.

Tsiku lina masana, mvula ikugwa, ndinavala jombo n'kuyenda m'khwawamo kulowera kumtunda. Ndinkafuna kuona kumene madzi akupita. Ndinayenda pakati penipeni pa mtsinje, mvula ikundimenya kumsana, mapazi osaponda ngakhale kachithaphwi. Kumtunda kwa Namphingo kuli dambo la dothi lakuda, ndipo m'mphepete mwake muli nkhalango ya manda a mudziwo. Nditafika pamenepo ndinawaona madziwo. Ankatsika m'mapiri ali ofiira, akuthamanga m'ngalande, chifukwa mapiri opanda mitengo ndi ouma gwa sankagwira kanthu. Koma akafika padambo ankathera pomwepo. Dambolo linali litang'ambika ming'alu yoti mwendo wa munthu n'kulowa. Madzi a phiri lonse ankagwera m'ming'alumo, osatulukanso.

Ndinagwada n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Sindinakhudze pansi. Munkatuluka kamphepo kozizira. Ndipo munkamveka phokoso, osati la madzi oyenda ayi, koma lija limamveka pakhosi pa munthu waludzu akamameza osapumira. Linkachokera pansi pa mawondo anga, linkachokeranso cha kunkhalango. Phokoso limenelo ndinali nditalimva kale, pamphasa, ndili ndi supuni m'manja. Ndinadzuka n'kubwerera kunyumba. Sindinathamange, koma sindinaimenso.

Sindinauze munthu, koma amayi otola nkhuni anali ataona kale. Mawu anayenda m'mudzi kuti Elube akumwa. Anafa ndi ludzu, maliro ake sanathe, mwamuna wake akadali pakhomo, ndiye akumwa mtsinje wonse. Amayi amene kale ankandipatsa moni anayamba kupatuka ndikamadutsa. Wina anakasiya mtsuko wodzaza m'mphepete mwa manda, ndipo kutacha anaupeza wopanda kanthu. Mwina unali wong'aluka, mwina zinamwa mbuzi. Sindinapite kukaona.

Nkhaniyi inafika pabwalo tsiku lolandira chimanga. Atcheyamani a chipani m'dera lathu, bambo wamfupi wokonda jekete ngakhale kutenthe, atatha kuona makhadi anati anthu asabalalike.

"Mvula yabwera, palibe angadandaule," anatero. "Chatsala ndi cha pakhomo pa aNachisale. A Lameki, mtsinje wa Mwanza ukuyenda. Mukwezeni mlamu wanuyu panjinga mawa, mukamusambitse kumeneko, azipita. Malemuwo apume, ifenso timwe."

Anthu anavomera ndi mitu. A Lameki ankayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti akavomera, mawa lomwelo Thoko ndimusiya.

"A Mlangizi, inu munapita kusukulu," anatero atcheyamani. "Tiuzeni. Paja munati mvula ziwiri?"

"Ndinatero."

"Ndiye buku lasintha?"

Ndinati bukulo linalembedwa ndi anthu amene anayeza mitsinje m'zaka za mvula. Ndinawauza kuti mtsuko umene wakhala padzuwa nthawi yaitali, ukauthira madzi, oyamba umamwa wokha. Pansi pa dambo panali madzi amene ankanyamula Namphingo chaka chonse, ndipo zaka zachilala zija madziwo anatsika kutali. Mvula ya chaka chino ikuyamba yadzaza kumeneko. Mpaka pansipo pakhute, mvula yofanana ndi ya kale singapereke mtsinje wofanana ndi wa kale. Ndinati zikhoza kutenga dzinja lonse, kapena kuposa.

Atcheyamani anandiyang'ana, mutu atapendeketsa. "Ndiye inu mukuti pansi pali ludzu. Ife tikuti pansi pali ludzu. Koleji yanuyo yawonjezapo chiyani?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunatha msanga. Pamenepo a Lameki anadzutsa mutu.

"Alamu, ndikufunseni pamaso pa anthu. Zimene mwanenazi, akunena ndi a Mlangizi kapena abambo a Thoko?"

Zimene ndinanenazo zinali zoona, ndipo mpaka lero ndikudziwa kuti ndi zoona. Koma zikanakhala zabodza, kodi sindikananena zomwezo? Ndinaima pamenepo manja ali m'thumba.

Apongozi anali atakhala kumbali ya amayi, thumba lawo la chimanga lili patsogolo, mwana ali kumsana. Sanadzuke. Anangopotoloza khosi n'kulankhula ndi mwanayo mokweza kuti bwalo lonse limve.

"Thoko, uwauze amalume ako ndi atcheyamani kuti amayi ako sanatungepo madzi ku Mwanza. Imfa inalowera m'Namphingo, idzatulukira m'Namphingo. Amene wafulumira atenge khasu akaudzutse yekha mtsinjewo."

Palibe anatenga khasu. Atcheyamani anakonza jekete lawo n'kunena kuti za miyambo chipani sichilowerera.

Miyezi yotsatira ndinakhala ndi mitima iwiri. Amayi ankatsikabe m'dzenje lija. Ana awiri a m'mudzimo anadwala matenda omwe aja, mmodzi sanachire. Munthu amene waona zimenezo sangapemphere kuti mtsinje ukhale wouma. Koma m'mawa uliwonse ndikamatsika kukhwawa, mtima unkagunda mpaka nditaona mchenga woyera, ndipo ndikauona ndinkapuma. Ndinkayang'ananso m'dzenjemo. Masitepe a pansi anali atayamba kumira, limodzi limodzi, mwakachetechete. Amayi ankakondwa kuti satsikanso patali. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake.

Nthawi imeneyo Thoko anayamba kuyenda. Ankagwira sipoko za njinga yanga n'kudzuka. Mawu ake oyamba sanali ambiri: baba, gogo, phala, ndi njoka, chifukwa agogo ake ankamuopseza nayo kuti asalowe m'chimanga. Mayi anu amene mumawaopa lerowa ankagona ndi chala chawo m'khutu langa. Mukawafunse, akana.

Mvula inatha. Anthu anakolola, nkhokwe zinaona chimanga choyera kachiwiri. Kumwamba kunayera, m'mawa kunayamba kuzizira, udzu unayamba kufiira. Namphingo anali asanayende. Ndinati basi, ndapatsidwa chaka china. Ndinatulutsa mabuku m'katoni n'kuwabwezera pathandala.

Panapita masabata angapo opanda ngakhale kamtambo. M'mawa wina ndinatsika kukhwawa nditanyamula Thoko m'manja. Padzenje panali amayi atatu, koma sankatunga. Anali ataimirira, akuyang'ana kumtunda. Mchenga pansi pa mapazi anga unali wakuda ndi wozizira.

Madziwo ankabwera pakati pa khwawa, opyapyala ngati lamba, oyera mbee, osachita phokoso lililonse. Kutsogolo kwake ankakankha masamba ouma ndi nyerere. Ankaima pang'ono, mchenga n'kuwamwa, kenaka n'kupitirira. Kunalibe bingu, kunalibe mtambo. Ankangobwera okha kuchokera kudambo, ngati munthu amene akuidziwa njira.

Thoko anali asanaonepo madzi akuyenda chibadwire. Anandigwira khosi ndi manja onse.

"Njoka! Baba, njoka!"

Palibe analulutira. Mayi mmodzi anasiya ndowa yake n'kukwera kumudzi. Ndikanatha kuchoka pamenepo, koma kupita kuti? Ndinaima mpaka madziwo anafika pa jombo zanga n'kuzizungulira.

Achibale a Elube anabwera m'mawa womwewo, poopa kuti mwina madzi angabwerere kumene achokera. A Lameki anali ndi mbale ya mankhwala, masamba osinja ndi makungwa. Anyamata awiri a m'banjamo anawolotsa njinga yanga, sutikesi ndi mabuku omangidwa m'chitenje, n'kukaziika kutsidya. Apongozi anafika pomalizira n'kuima chapatali, atandifulatira.

"Alamu," anatero a Lameki, mawu ali pansi, "madzi ake ndi ochepa, mugwada. Tikatha muwolokere kutsidya, mukwere mtunda, mupite. Osacheuka. Mukacheuka, imfa imabwerera kwa amene mwamuyang'anayo. Mwezi ukatha mukhoza kubwera kudzamuona mwana, ngati mlendo. Vulani malaya."

Munthu savula malaya ali ndi mwana m'manja. Ndinayesa kumuika pansi, koma anapinda miyendo n'kukuwa, poopa madzi. Apongozi anabwerera chambuyo mpaka anafika pafupi nane, n'kuwerama, msana uli kwa ine.

"Thoko," anatero, "uwauze abambo ako akuike apa."

Ndinamasula zala zake pakhosi panga chimodzi chimodzi n'kumuika pamsanapo. Chitenje chinamangidwa.

Ndinagwada m'madzi osafika n'komwe m'kakolo. Anali ozizira kuposa madzi onse amene ndinawakhudzapo. A Lameki ankatunga ndi mbale n'kumandithira pamutu, akulankhula ndi mlongo wawo ngati ali pomwepo. "Elube, mwamuna wako tamumasula. Wamwa, wakhuta. Tisiyire ifenso." Masamba a mankhwala anatsika pathupi panga, n'kugwera m'madzi, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kumunsi. Ndinawayang'ana mpaka anakhota.

Mukudziwa kale kuti mayi anu anakulira kwa agogo awo, ndipo anadzakhala ndi ine atasankhidwa kupita ku sekondale. Za zaka za pakatipo mukawafunse okha, ndi zawo. Ine changa ndi mtunda uja. Si wautali, inu mukhoza kuukwera mukuthamanga. Ndinaukwera ndikukankha njinga, malaya ali m'manja, madzi akudontha m'tsitsi. Kumbuyo kwanga mwana ankaitana, "Baba, njoka! Baba!" Ankandichenjeza ine, poona kuti ndalowa m'menemo.

Ku koleji sanatiphunzitse kuti imfa imayenda ndi maso a munthu. Ndinali ndi satifiketi m'sutikesi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kumene madzi aja anachokera. Koma sindinacheuke, ana inu. Ndinafika pamwamba, mawu ake atasiya kumveka, ndisanacheuke.